Maola Makumi Atatu a Immy

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Basi yachedwa, ndafika kuntchito ku famase, kogulitsa mankhwala, nsapato zili chonyowa. Pokatenga Immy ku sukulu ya mkaka, Mayi Pritchard, akulu a pamalopo, andiitanira mu ofesi. Akuti nambala yathu ya thandizo la boma yakanidwa pa kompyuta. Maola makumi atatu aja amene boma limatilipirira pa sabata. Popanda amenewo, mapaundi oposa chikwi mwezi uliwonse. Ndaseka. Ndati makina asokonezeka, lamulo limangofuna kuti makolo onse awiri akhale pa ntchito, ndipo ine ndi mwamuna wanga Declan tili pa ntchito. Ndinatsimikiza ndekha pa fomu yawo mu Disembala. Iwo osaseka. "Imbani foni basi, amayi a Immy, musazengereze."

Declan akuti ndimusiyire, athana nazo. Nsomba ndi tchipisi wadya theka.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Sanaimbe. Ndaimba ndekha nthawi ya nkhomaliro. Mphindi makumi anayi ndikumvera kanyimbo kawo. Kenako mayi wina wa mawu ofatsa. Mbali yanga ili bwino. Mbali ya mwamuna wanga, palibe malipiro olembedwa kuyambira Okutobala. Ndakana, ndakwezanso mawu. Ndati munthuyo ndi kapitawo ku nyumba yosungira katundu, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Mayiyo anangoti: "Mwina mukambirane nawo kaye kunyumba."

Mapiritsi a munthu mmodzi ndawerenga katatu.

Sindinamufunse. Ndamusitira shati ya mawa. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndanamiza abwana kuti dzino likuwawa. Basi ziwiri mpaka kuntchito kwake. Mlonda wa pageti amandidziwa. "Declan? Si anawachotsa ndi anzake asanu ndi atatu aja? Kalekale, masamba akuyamba kuyoyoka." Kenako anandiyang'ana kumaso n'kuyamba kukonzakonza chipewa chake.

Galimoto yake ndaipeza pakhomo pa apongozi, a Maureen. Pawindo ndamuona: pa sofa, kapu ya tiyi pa bondo, mpira pa kanema. Shati ndinamusitira ija.

Sindinalire. Iye ndi amene walira. Akuti amafuna apeze kaye ntchito ina. Ndalama zimene ankaika ku banki mwezi ndi mwezi zinali zomupepesera pomuchotsa. Zatsala za mwezi umodzi.

A Maureen ataima pakhomo la khitchini ndi mbale ya mabisiketi: "Mwanangu Carys, mwamuna ali ndi manyazi ake. Umumvetse."

Miyezi inayi. Pa Khirisimasi anadya patebulo langa mayi amenewa, n'kumamufunsa mwana wawo kuti kuntchito kuli bwanji.

Loweruka, 8 Febuluwale

Chikundibwerera ndi cha mu Disembala. Ine patebulo ndi fomu ya pa foni, iye akutsuka mbale. Ndinafuula, malipiro ako sanasinthe? Osatembenuka: "Ayi, dina pomwepo, usadzivute." Ndinadina. Pansi pake panalembedwa kuti zonse ndanena ndi zoona. Dzina langa, osati lake. Zaka khumi ndi ziwiri ndikusainira mankhwala oopsa popanda cholakwa chimodzi, lero ndine wonamiza boma.

Koma si chimenecho chikundidya. Kuchokera kwa a Maureen kufika ku sukulu ya Immy ndi misewu iwiri. Mu Novembala mwana anadwala khutu, m'mawa uliwonse kukakamira chikhoti changa pakhomo la kalasi, aphunzitsi akumuchotsa zala chimodzichimodzi. Ine kulira mu basi. Tsiku lina anatentha thupi, ndinapempha kuweruka, anandidula malipiro. Bambo wake ali misewu iwiri, akumwa tiyi.

Ndamuuza zimenezi. Wati, "Ndikanamutenga ukanadziwa."

Ndamulongedzera chikwama.

Lolemba, 24 Febuluwale

Kalata yafika. Immy apitiriza mpaka kumapeto kwa Malichi, kenako tilipire tokha. Za fomu ya Disembala akufufuzabe. Malipiro anga okha: nyumba, magetsi, chakudya, basi. Sukulu ya mkaka palibe poilowetsa. Timapeza zambiri moti thandizo la osauka silitikhudza, zochepa moti mwezi umodzi ungatigwetse.

Declan akadali kwa amayi ake. Mauthenga tsiku lililonse. Wapita kawiri ku mafunso ofunsira ntchito, kwina amuyankha Lachisanu. Immy amaika supuni yachitatu patebulo.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Ndapuma theka la tsiku. Ndaimbanso. Wina uyu, bambo wachangu. Akuti ngati kholo likukhala lokha ndi mwana ndipo lili pa ntchito, ntchito ya winayo sailabadira, maola abwerera. Anangoti, "Bola mulembe zoona, mayi."

Fomu ili apa pa foni. Funso lachitatu: kodi mukukhala ndi mwamuna kapena mkazi wanu? Inde, ayi. Mabokosi awiri.

Masabata atatu sanagone muno. Ndikalemba ayi, si bodza. Koma ndikalemba, ndiye kuti ndasankha, ndipo boma lidziwa iye asanadziwe.

Iye anandibisira miyezi inayi. Ine ndikuvutika ndi masana amodzi.

Declan wangolemba kumene kuti ali panja, wabweretsa njinga ya Immy imene wakonza, akupempha kulowa. Ndikumuona pawindo, waima pa mvula, kiyi ali naye koma sakutsegula. Fomu ikuti kwatsala mphindi zisanu kuti itsekeke ndipo ine...