Kope Lofiira la Bridie

Mullingar,
16 Novembala 1999

Okondedwa achemwali a Philomena,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji ku Leeds kumeneko, inu ndi alamu a Christy ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno mlamu wanu Geraldine ali bwino, khanda likuyamwa, kachifuwa kokha ndi komwe kakulivuta. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Mukhululuke zilembo zanga, paja sukulu ndinangoinunkhiza. Ndikanaimba foni, koma nkhaniyi pakamwa ikukana kutuluka.

Zinayamba pa 5, Lachisanu. Sabata imeneyo mwana wathu Bridie anabwera ndi kapepala koti ndisaine, kuti akawerenge ndakatulo yake pamaso pa makolo kusukulu. Ndinasaina osafunsa. Ndinkati ndi za maluwa ndi mbalame, zomwe ana amalemba.

Mukudziwa mmene takhalira muno zaka ziwirizi. Palibe ankadziwa kuti ndife Oyendayenda, mtundu wathu uja wokhala m'makalavani, tinyumba ta matayala, m'mbali mwa misewu. Dzina lathu la Collins lili paliponse, silitiulula. Hatchi ndinagulitsa, Geraldine anavula ndolo zake zazikulu zija, ndipo ine ndikamalankhula ndi a Hession, eni nyumbayi, ndinkapinda lilime ngati wobadwira m'tauni. Ngakhale inu ndinakuletsani kuimika vani pakhomo pano. Manyazi ake ndidakali nawo.

Tsikulo holo inadzaza. Akazi a Hession anakhala kutsogolo kwathu kwenikweni, poti mdzukulu wawo ali kalasi imodzi ndi Bridie. Mwana wanga anaimirira, zaka khumi zokha, mawu osanjenjemera. Ndinagwirako pang'ono pokha:

Kalavani ya agogo inapsa mpaka matayala,
tidakalipo.
Pomwe tinkamanga hatchi anagubuduzirapo miyala,
tidakalipo.

Geraldine anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Koma achemwali, Mulungu anatitsegulira pothawira. Aphunzitsi ake, a Mayi Tierney, anaimirira n'kuyamba kufotokoza. Akuti taonani luso, mwanayu wabwereka pakamwa pa anthu osauka aja a m'mbali mwa msewu, walankhula ngati ndi mmodzi wa iwo. Akuti mawu obwerezedwawo ali ngati nyundo, ikamenya kamodzi imenyanso mpaka msomali ulowe. Akuti miyalayo si miyala, ndi mitima youma. Akuti motowo si moto weniweni, ukuimira chidani cha anthu oipa omwe anatenthera nyumba nkhalamba yopanda thandizo.

Anthu anaomba m'manja. Ndikanangoomba nawo, bwenzi lero sindikulemba kalatayi.

Koma ine makutu anatentha. Amayi athu, nkhalamba yopanda thandizo? Anthu oipa ati? Moto uja ndinayatsa ndine, ndi dzanja lomwe likulembali, inu mutaima pambali panga ndi kolona, monga timachitira munthu akamwalirira m'kalavani. Tinasiyamo makapu awo amaluwa, bulangeti, zonse, kuti apite bwino. Ndinangopezeka ndaimirira. Ndinati pepani amayi, moto ndi moto. Palibe anatiwotchera, umenewo ndi ulemu wathu kwa akufa. Miyalanso ndi miyala, ndinaona ndekha a boma akuitsitsa pa lole kuti tisadzaimikeponso kalavani.

Bambo wina kumbuyo anati basi anthuni, aliyense agwire thumba lake. Ena anaseka. Akazi a Hession sanacheuke n'komwe, anangokokera chikwama chawo pachifuwa.

Lolemba m'mawa a Hession anafika. Tiyi anakana, anaima panja. Akuti iwo alibe nafe chifukwa, lendi sitinaphonyepo, kungoti mwana wa mlongo wawo akufuna nyumbayi, ndiye tituluke mwezi uno ukamatha. Ndinawafunsa kuti zaka ziwiri zonsezi mwana wa mlongoyo anali kuti. Anangoyang'ana mawindo ngati akuwerenga ngati alipo onse. Kugalaja komwe ndimamata matayala akuti ntchito yachepa, ndipume kaye. Ndayenda nyumba zisanu ndi imodzi. Pafoni zimakhala zilipo, ndikafika zapita kale.

Geraldine akuti sanaonepo chitsiru cha mtundu wanga, chobisala zaka ziwiri n'kudzadziulula chifukwa chofuna kuphunzitsa mphunzitsi. Akuti ndikanapitiriza sukulu bwenzi ndili loya womangitsa anthu ake omwe.

Tsopano ndinene chomwe ndakulemberani. A Hession atachoka ndinalowa m'khitchini, n'kupeza Bridie pathebulo akulembanso m'kope lake lofiira, lija munamugulira inu. Ndinamufunsa ngati "tidakalipo" wakeyo ali ndi denga. Ndinamufunsa ngati khanda lingafunde ndakatulo mu Disembala. Kenako ndinatsomphola kope lija n'kuliponya m'mbaula.

Sanalire. Anayang'ana mpaka linatheratu, n'kundifunsa chapansipansi kuti adadi, si paja timawotcha zinthu za munthu wakufa?

Achemwali, ndinasowa poyang'ana.

Kuyambira pamenepo sandilankhula. Amadya, amatsuka makapu, amanyamula khanda, basi. Mwana uja ankaimba potsuka mbale mpaka tinkamuletsa. Kusukulu wakana kubwerera. Ndinamugulira kope lina, lachikuto cholimba kuposa lija. Lili pawindo pomwe ndinalisiya, ndipo dzulo ndinapeza Geraldine waikapo botolo la mwana.

Ine za ndakatulo sindizidziwa, ndimadziwa tayala likaphwa. Koma ichi ndachiona. Amene anatiulula ndine, wolangidwa ndi iye. Miyala ija sinamutseke pakamwa. Oseka aja sanamutseke pakamwa. Ndamutseka ndine, bambo ake.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Muwafunse alamu ngati pamalo panupo pangapezeke kampata koimika kalavani, ngakhale kumpanda kwa zinyalala, mpaka chisanu chithe. Zobisala ndatopa nazo, komanso palibe chatsala chobisa.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Geraldine akuti Bridie anakopera ndakatulo yonse ija m'khadi lomwe anakutumizirani pa Misa yokumbukira amayi. Ngati simunalitaye, chonde litumizeni sabata ino, tisanachoke pa adilesiyi. Pa envelopu musalembe dzina langa, mulembe lake. Kaya aitsegula, sindikudziwa.

Mulungu akusungeni, ndipo Amayi Maria akufunditseni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa azakhali a Nan, koma iwowo musawauze za kope. Mukapita ku Misa mutiyatsireko kandulo. Geraldine akupereka moni. Bridie ndamufunsa ngati ndiikemo moni wake, wangoyang'ana mbaula.

Ndine mlongo wanu,
Barney