Amene anagwetsa mnansi wathu ndi amuna anga

Aphungu,

Nkhani iyi ndakhala nayo pamtima milungu isanu, ndipo sindinauze munthu, ngakhale mkulu wanga.

Ine ndi amuna anga, a Arvid, takhala m'banja zaka 38. Njinga ndiyo moyo wawo. Kuyambira unyamata wawo, Loweruka lililonse amapalasa ndi anzawo a kalabu ya njinga m'njira ija inali ya sitima kale, yotsata mtsinje, momwe mumadutsanso oyenda pansi, othamanga ndi oyendetsa agalu. Chaka chatha anawachita opaleshoni ya mtima. Atachira anayesa kubwerera, koma pachitunda choyamba penipeni anzawo anawasiya. Nyengo yonse yachisanu anangokhala pawindo, kuyang'ana chipale chofewa chikugwa. Ndine ndinawakakamiza kugula njinga yamagetsi, ndipo munthu uja anayambanso kuseka.

Koma anzawo sanawalandire bwino. A Rusty, mnzawo wa kalekale, anawaseka pagulu: "Madala, batire likatha tidzakukankheni? Nanga kabelu aka n'kachiyani, mwayamba kugulitsa ayisikirimu?" Sabata yomweyo a Arvid anachotsa belu. Anachotsanso kachipangizo kamene kamaletsa njingayo kupitirira mamailosi makumi awiri pa ola, kuti anzawo asamawasiye. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinangoti zachibambo, ndisalowerere.

Tsiku lina m'mawa anatuluka okha. Mnansi wathu, mayi Marlys, a zaka 74, amayenda m'njiramo tsiku ndi tsiku. A Arvid anawadzera kumbuyo paliwiro, belu palibe, ndipo mawu aja timachenjezerana akuti "ndikudutsa kumanzere" sanawatchule. Sanawagunde ayi. Anangowadutsa pafupi kwambiri, mayiwo n'kudzidzimuka, n'kugwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Amuna anga anacheuka, anaona othamanga awiri akuwathandiza, n'kupitirira. Anali atavala chipewa ndi magalasi akuda, moti palibe anawazindikira. Atabwerako ndinawapeza atakhala pansi m'galaja. Anati, "Mayi, ndagwetsa a Marlys. Chonde, zithere m'nyumba muno."

Mwambo wathu mukuudziwa, munthu akadwala anansi timagawana masiku omupititsira chakudya. Ine ndinatenga Lachitatu. Ndikafika ndi mbale yanga ya mbatata ndi nyama, mayi Marlys amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Koma Mulungu anandipatsa anansi." Ndimatuluka mmenemo manyazi atandigwira.

Amuna a mayi Marlys, a Duane, akukhulupirira kuti anali mmodzi wa anthu aja amaperekera zakudya m'makomo pa njinga zamagetsi. Masiku ano amaima pamlatho wa m'njira ija n'kumakalipira aliyense wodutsa ndi chikwama kumsana. Alemba chikalata chopempha khonsolo kuti iletse njinga zonse zamagetsi m'njiramo, ndipo chikambidwa Lachiwiri likubwerali. Dzulo anabwera nacho pakhomo pathu. "Ndikudziwa kuti a Arvid ali nayo yawo," anatero, "koma ajawo ndi munthu wosamala, amvetsa. Sainani mayi, chifukwa cha Marlys." Ndinawauza kuti ndiyambe ndaganiza.

Ndikasaina ndiye kuti ndanama, komanso ndawalanda amuna anga chinthu chimene chinawadzutsa. Ndikaulula, ndikuopa mtima wawo uja, ndikuopa milandu, ndikuopa kuti m'dera lino sitidzapatsidwanso moni. Ndimawakonda, koma masiku ano ndikawayang'ana mtima umandipsa. Nditani ine?

L.T., Eau Claire


Mayi L.T.,

Pepani, katundu mwasenzayu ndi wolemera. Koma sindikunyengererani. Njinga sinadzichotse yokha belu, ndipo sinathawe yokha. Amuna anu anachita manyazi ndi nthabwala za anzawo, n'kusandutsa njira ya anthu onse bwalo la mpikisano. Kudzidzimutsa munthu ndi ngozi, zimachitika. Koma kucheuka, kumuona ali pansi, n'kupitirira, pamenepo ndiye analakwa, ndipo iwo akudziwa.

Chikalatacho musasaine. Khalani pansi ndi a Arvid lero lomwe, atadya ndi kumwa mankhwala awo. Muwauze kuti inu mwalephera kupitiriza kubisa, ndipo kuti pofika Lamlungu akhale atapita kwa a Duane ndi mayi Marlys. Muwaperekeze, koma wolankhula akhale iwowo. Mbale yanu ija muisiye kunyumba tsiku limenelo, mwaphika mokwanira pa mlandu woti si wanu.

Za mtima wawo, imbirani dokotala wawo mumve maganizo ake. Ine si wachipatala, koma sindikhulupirira kuti milungu isanu ya mantha ikuuchitira zabwino mtimawo. Za milandu, musanapite muonane ndi loya komanso a inshulansi yanu, mudziwe mmene mungathandizire odwalawo. Mukapite kumeneko kukafunsa poyambira, osati pothawira.

Kachipangizo kaja kabwerere m'malo mwake, belu nalonso. A Arvid akamakumana ndi oyenda pansi azichepetsa liwiro mpaka athe kupereka moni n'kumva yankho. A Rusty akafuna kuseka aseke, fupa lothyokalo si lawo. Ndipo ngati kalabu yonse singathe kudikira mnzawo wodwala pachitunda, apeze anthu ena oyenda nawo, alipo ambiri.

Palinso ena amene mwawatchula mongodutsa. Anthu operekera zakudyawo akutukwanidwa pamlatho pa nkhani imene sakuidziwa, ndipo khonsolo ikavomera pempho lija, ntchito yawo ivuta. Inu mukakhala chete, amene akupsa ndi iwowo. Oyenda pansi ali ndi chifukwa chodandaulira za liwiro, ndipo khonsolo iwamvere, koma igamule itamva zoona. Mlandu suola, mayi. Othamanga awiri aja ali ndi maso, ndipo tsiku lina mmodzi adzaizindikira njingayo itaimikidwa pasitolo.

Amuna anu akakana, pitani nokha Lolemba, mutawauza maso ndi maso kuti mukupita. Adzakwiya, mwina masiku ambiri. Zaka 38 sizitha ndi mkwiyo umodzi, koma chinsinsi chotere chayamba kale kukudyani awirinu, mwanena nokha kuti mukawayang'ana mtima umapsa.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Musapite kumeneko mukuyembekezera kukhululukidwa. Mwina a Duane akutsekerani chitseko, ndipo ali ndi ufulu wotero. Mwina pempho lawo lidutsabe, a Arvid osadzapalasanso m'njira imene amaikonda. Zimenezo n'zowawa, koma munthu amapirira. Chimene simungapirire ndi kukalamba moyandikana ndi mayi amene akuphunziranso kuyenda ngati mwana, iwo akukudalitsani, inu mukudziwa amene anawagwetsa.

Aphungu