Amayi Aona Mtsinje Pawindo

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa makutu a amayi ndi akuthwa kuposa anga.

Za maso zinayenda bwino. Adokotala anachotsa ng'ala ija ndipo amayi akuona, mpaka akumandiwerenga imvi. Koma kuonako ndi kumene kwabweretsa vuto, pakuti kuiwala munkanena kuja kwakula.

Paja tikukhala m'mwamba m'nyumba yosanja. Windo la chipinda cha amayi layang'ana ku damu lalikulu limene tauni yonse imamwa. M'mbali mwake muli paki ya kapinga wometedwa bwino, mabenchi, ndi kanjira kamene anthu amathamangamo m'mawa, ena atakoka agalu. Pakati pa paki ndi madzi pali mpanda wa waya. Tsiku limene anawamasula bandeji, amayi anaima pawindopo n'kunena kuti mtsinje wakwathu wadzaza chaka chino koma palibe anawauza. Ine ndinaseka. Ndikanadziwa sindikanaseka.

Lachiwiri lapitali ndili kuntchito kwathu kochapa zovala kuja, atelala okhala pansi pathu anandiimbira kuti amayi atuluka atasenza beseni. Ndinathamanga n'kusiya simbi ili pamoto, chinthu chimene sindinachitepo chiyambireni kusita. Ndinakawapeza ali ndi mlonda wa paki. Anali atadutsa pachibowo chimene owedza mozemba anaboola pampanda.

Achemwali, kumeneko kulibe mchenga ngati kwathu. Ndi simenti yotsetsereka, yoterera ndi ndere, ndipo pamene yathera madzi ake ndi omeza nyumba. Mlondayo akuti anawapeza atagwada, dzanja lina litagwira malaya anga, linalo likupapasa m'madzi kufuna mwala wochapira. Anachita kuwanyang'amira kuopa kuti akafuula adzidzimuka n'kugweramo. Iwo anangomufunsa kuti ndi mwana wa yani, n'kumudzudzula kuti mwamuna woleredwa bwino safika padooko la akazi. Pondifotokozera ankaseka, amvekere agogowa anamuchititsa manyazi kuposa apongozi ake. Kenako kuseka kunatha. Anandiuza kuti woterereka pamenepo amachita kumuvuula ndi ngowe, ndipo iye sakhala mbali imeneyo tsiku lililonse.

Ndawafotokozera kuti si mtsinje, ndi madzi akumwa ndipo kuchapamo n'koletsedwa. Amavomera, koma pakapita kanthawi amayambanso. Akuti madzi apampopi satsukuluza sopo, ndipo zovala zochapa pamakina zimanunkha chitsulo. Akutinso anzawo akuwadikira kumeneko, n'kumatchula anthu amene tinaika kalekale.

Ndayesa zonse zimene mutu wanga wafikapo. Ndinabisa beseni, iwo anamanga zovala m'nsalu. Ndinabisa nsapato, anandiseka kuti ndani amapita kumtsinje atavala nsapato. Ndinapachika bulangete pawindo, analichotsa n'kulipinda bwinobwino kuti nalonso likufunika kuchapa. Tsiku lina ndinawakhomera m'nyumba. Pobwera ndinawapeza atakhala kuseri kwa chitseko, akufunsa kuti analakwa chiyani kuti mzime wawo awatsekere ngati mbuzi. Sindingathe kubwerezanso zimenezo, komanso ndimaopa mbaula ya gasi ali okha.

Alamu anu kuno amalowa ntchito m'mawa ngati ine. Atelala amatiyang'anirako, koma makina awo akamalira samva munthu akutsika masitepe. Za chibowo ndinakanena ku ofesi ya paki. Anatseka, owedza aja anaboolanso pena. Ndikamasita maso amakhala pafoni, moti dzulo ndawotcha kolala ya malaya a kasitomala. Mvula ikayamba madzi adzakwera kufika pafupi ndi mpanda.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzawatenge mwezi uno usanathe. Musaganize kuti ndatopa nawo, mayi ndi mayi ngakhale aiwale dzina lako. Kwathuko kamtsinje kaja kamalekeza m'akakolo, ndipo padooko sipasowa amayi ena owaona. Mankhwala a m'maso ndawaika m'kachikwama, botolo lililonse ndalimanga ulusi wa mtundu wake kuti musasokoneze la m'mawa ndi la madzulo.

Mukafika musadzanene kuti ndakuitanani ndine, angadzaone ngati ndawathamangitsa. Mudzangowauza kuti kumudzi zovala zaunjikana ndipo palibe amene amachapa n'kuyera ngati iwo. Mukatero adzanyamuka okha, mwina kukutsogolerani kumene.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Alamu anu akuti muwapepesere kwa amalume posayankha uthenga wawo.

Ndalemba kalatayi nditakhala pampando umene ndatsekera nawo khomo. Amayi ali pawindo, ndipo angondifunsa kumene ngati sopo alipo wokwanira mawa.

Ndine mlongo wanu,
Mzime