Ng'ombe Makumi Atatu

Lolemba, 4 Juni 1956
Thalakitala yafika pa Mitundu. Ndinaiona pochokera kusukulu, yofiira, ikununkha mafuta. Alangizi a zaulimi anaisisita pamsana nati, "Iyi imodzi ndi ng'ombe makumi atatu." Anthu anabalalika akunong'onezana.

Lachitatu, 6 Juni
Mawu aja akula. Akuti boma lilanda ng'ombe makumi atatu polipira thalakitala iliyonse, kuyambira m'makola mwathu muno. Ena akuti zikubwera zambiri. A Maliro a m'mudzi mwathu akuti thalakitalayo imamwa magazi, n'chifukwa chake ndi yofiira.
Bambo sanaseke. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana Mawanga, ng'ombe yathu yapangolo. Ndinailera ine, make atafa. Kusukulu sindilankhula ndi munthu, zonse ndimauza iyo.

Loweruka, 9 Juni
Msika wonse ng'ombe zokhazokha. Aliyense akugulitsa, ogula awiri basi. M'mawa mtengo unali wa njinga, pofika masana wa mbuzi.
Bambo nawo anabweretsa Mawanga. Ndinati, "Bambo, tadikirani sabata imodzi."
"Akailanda udzandibwezera ndiwe?"
Anagula ndi a Yakubu a sitolo. Iwonso anafunsa, "Mwatsimikiza, achimwene?"
Ndinabwerera ndi chingwe chokha.

Lamulungu, 10 Juni
Ndadzuka, ndatsegula khola. Ndinaiwala.

Lachinayi, 14 Juni
Aphunzitsi a Gilibati anagwira mutu: "Alangizi aja amanena mphamvu za thalakitala, ana inu, osati mtengo!" Kalasi yonse inaseka, ngakhale ana a ogulitsa.
Ndinauza bambo. Anangotembenuza chipewa m'manja.

Loweruka, 16 Juni
Lero onse akufuna ng'ombe zawo, mtengo wadutsa wakale. A Maliro akuti iwo ankadziwa kale kuti ndi bodza. Bambo anaima pakhomo pa sitolo kupempha Mawanga, mawu ali pansi. A Yakubu anati, "Pepani ndithu, yapita ku Nathenje, kwa mlimi wa fodya."

Loweruka, 23 Juni
Ndinayenda wapansi mpaka ku Nathenje, osauza munthu. Ndinaipeza m'mbali mwa msewu, ili pagoli ndi ng'ombe yakuda, ngolo yodzaza nkhuni. Yanenepa. Chimenecho chinandipweteka, kaya bwanji.
Ndinaitana pang'ono, "Mawanga." Inatembenuza khutu limodzi.
Mwini wake anatuluka m'sitolo, bambo wansangala. "Waikonda, mphwanga? Sindigulitsa!" Anakwera pangolo n'kukuwa, "Tiye, Kapiteni!"
Mawanga inanyamuka.