Mkono wa Malume Guisheng

Dongguan
Okutobala 1997

Okondedwa Mayi,

Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija likukulolani kukwera phiri, kapena mukukangana nalo mmene munkakanganirana ndi atate ali moyo? Ine ndili bwino. Ndawonda pang'ono, koma kukongola kukadalipo. Iwe Qiaoyun, popeza ndiwe ukuwawerengera mayi kalatayi, werenga zonse mmene ziliri, usadumphe mzere. Ukapeza mawu okhota usandiseke, mlongo wanga. Ukudziwa kuti ine ndi sukulu tinasiyana osatsanzikana.

Kalatayi ndawapatsira a Kuang oyendetsa basi, chifukwa ku positi ingachedwe. Ndikudziwa kuti ikupezani m'phiri mukuthyola zipatso za kameliya zoyenga mafuta. Tulani kaye dengu, mukhale pamwala. Nkhani ndili nayoyi si yabwino.

Mlongo wanu, malume Guisheng, ali m'chipatala. Apsa mkono wamanja.

Zinachitika kumayambiriro kwa mwezi uno kulesitilanti kumene tikugwira ntchito, masana, anthu atadzaza. Malume ankakazinga nsomba m'chiwaya chachikulu, ine ndili kumbuyo kwawo ndikudula tsabola. Chogwirira cha chiwaya chinathyoka. Mafuta owira onse anawakhuthukira kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Sanalire. Anangotukwana chiwayacho, amene anachisula, ndi amayi ake a amene anachisulayo.

Bwana anati tiwathamangitsire kuchipatala. Malume anakana. Anati chipatala n'cha anthu amene kwawo kulibe phiri, iwo ndi mwana wa kwathu ku Hunan, anabadwira m'mafuta a kameliya. Anandituma kuchipinda kukatenga botolo la mafutawo limene munatipatsa pa Chaka Chatsopano, ndi nthenga ya nkhuku. Anadzipaka ndi nthengayo, n'kukulunga kansalu. M'mawa mwake anali pamoto kale, akukazinga ndi lamanzere.

Mayi, musati tauni yandiphunzitsa kunyoza mafuta athu. Ndi amene munkandipaka kumatako ndili khanda ndikasupuka, ndipo mpaka lero kumeneko kulibe chodandaula. Ndi amene amatseka ming'alu ya zidendene zanu m'chisanu. Alamu atachira munawadyetsa mazira okazingira mafuta omwewa mwezi wathunthu, mpaka anadzuka ndi mphamvu zokalipira achimwene. Ngakhale kuno, atsikana a m'fakitale ankabwera kudzandipempha timadontho topaka tsitsi. Ndi chifukwa chokhacho chimene mtsikana wina aliyense mu Dongguan muno amadziwira dzina langa. Ndiye pamene malume ankadzipaka, tonse m'khitchini tinangoti eya, mankhwala ake ndi omwewo.

Patapita masiku, anzathu ogona nawo chipinda anayamba kudandaula kuti kwafa khoswe kuseri kwa bedi. Tinasuntha mabedi onse, tinasesa, tinakutumula nsapato. Khoswe sitinamupeze. Malume anali pakona, akusuta fodya, mkono atauphimba ndi jekete. Nditawayandikira m'pamene ndinadziwa kumene fungo likuchokera. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anandiyankha ndi dzina lija amandinena nalo, kuti iwe Pakamwa, chilonda chikamanunkha ndiye kuti zoipa zikutuluka, ukanapitiriza sukulu ukanadziwa.

Sabata yatha anagwa pambali pa mbaula, thupi lili moto, akuitana agogo amene anamwalira kalekale. Ulendo uno sanathe kukana. Tinawanyamula pachitseko chakale cha sitolo.

Dokotala wake ndi mzimayi wamng'ono thupi, woyankhula pang'onopang'ono. Atamasula kansalu kaja, nesi anayang'ana kumbali. Ine ndinayang'ana, ndipo sindikuuzani zonse. Zala ziwiri zada bii ngati makala, mafinya ali mpaka m'kati. Dokotala anafunsa kuti tapaka chiyani. Ndinayankha modzitama kuti mafuta a kameliya enieni, oyenga mayi anga, osati osakaniza a m'sitolowa. Anati akuwadziwa, kwawo nakonso amaphikira, ndi abwino mumphika, ndi abwino pakhungu louma. Koma pachilonda chakuya cha moto amatsekera kutentha ndi litsiro m'kati. Anati tikanangothira madzi ozizira a pampopi kwa kanthawi n'kubwera nawo tsiku lomwelo. Mpopi, mayi, unali pomwepo pambali pa chiwaya.

Tsopano akuti mkono udulidwe m'munsi mwa chigongono. Akuti tikachedwa adzadula paphewa, ndipo tikachedwanso, kuwola kukalowa m'magazi, sipadzakhalanso chodula. Koma sangagwire mpeni mwini wake asanavomere.

Mwini wake wakana. Akuti vuto si mafuta, vuto n'loti anali aang'ono, a chaka chatha chomwechi, mafuta osatha msinkhu. Akufuna mtsuko wa mafuta uja atate anakwirira kuseri kwa khola la nkhumba ine ndisanabadwe, uja anavikamo tiana ta mbewa tosamera ubweya. Akuti amenewo ndiye mafuta a moto, anachiritsa mwendo wa a Ouyang a m'mudzi mwathu aja utapsa ndi phala la nkhumba. Ndinawakumbutsa kuti a Ouyang mpaka lero amayenda ngati bakha. Anati bakha ali ndi miyendo yonse iwiri.

Akutinso wophika wopanda dzanja lamanja ndi dengu lobooka pansi, ndani angamusunge? Adzabwera bwanji kumudzi mkono wa jekete ukulendewera, ana akuwaloza? Ndinayesa kuwaseketsa kuti zikhadabo zowenga zichepa. Sanaseke, ngakhale kunditukwana sananditukwane. Apo ndiye ndinachita mantha. Zaka zonsezi sindinawaonepo malume atasowa chonditukwanira.

Ndiye anandilamula kuti ndikulembereni mufukule mtsukowo, muwapatsire a Kuang. Ndalemba, kuti asadzanene kuti mphwawo ndi wosamva. Koma pempho langa ndi lina.

Mtsuko musautumize. Ukangofika, adzadikira nesi atuluke n'kuthira kunsi kwa bandeji, kenako adzati tidikire sabata tione. Sabata imeneyo tilibe. Bwerani inuyo, mayi. Kwerani basi yomweyi ya a Kuang ikamabwerera. Padziko lonse lapansi malume amaopa munthu mmodzi, ndiye inu. Bwana samuopa, apolisi sawaopa, dokotala akumutcha kamwana ka sukulu. Koma ndikangotchula dzina lanu amazimitsa fodya. Munawabereka kumsana agogo ali kumunda, munawakwapula ndi mtengo wa nsungwi atathawa kwawo. Mukawauza inu kuti mkono upite munthu atsale, amva.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Mukachoka panopa zipatso zitsala m'mitengo, ndipo mudzi ukatsegula phiri kuti okunkha alowe, akolola ndi zathu zomwe. Chaka chino mwina tiyenga theka. Achimwene ndi alamu athyole zimene angathe, Qiaoyun aziwathandiza akaweruka. Ndikudziwanso kuti basi imakuchititsani chizungulire ndipo simunapitepo kupitirira tauni ya Hengyang. Pepani, mayi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu pabanjapo ndinu.

Akazi awo, azakhali Juxiang, sakudziwa kanthu. Malume andiletsa kuwauza. Ine sindikuwauza, ndikuuza inu. Pitani mukawaone musananyamuke, muwakhazike pansi, musawauzire panjira. Ngati angabwere nanu, abwere, koma woyankhula mukhale inu. Iwo akangolira, malume adzayamba kuwatonthoza kuti palibe vuto, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa uno ndawauza malume maso ndi maso kuti mtsuko subwera, mubwera ndinu. Ananyamula kapu ndi lamanzere n'kundigenda nayo. Anaphonya, inakaswekera pakhoma. Ananditcha galu wosayamika, mbuli yothawa sukulu, ndi mayina ena amene Qiaoyun sayenera kuwerenga. Ndinatola zidutswa za kapuyo ndili wosangalala, chifukwa mawu anali atabwerera. Kenako anatembenukira kukhoma. Ndikutuluka, anandiitana ndi dzina langa lenileni, osati Pakamwa. Anafunsa ngati achemwali awo abweradi. Ndinati mubwera. Anati ndikawagulire mpeni wometera ndevu, musadzawapeze ali chonchi.

Ndiye ndalonjeza kale m'malo mwanu, mayi. Ndakhala ndikunama kuyambira ndili mwana, koma bodza ili lokha musandinamizitse. Ndikakhala ndili pa siteshoni basi ikamafika.

Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi kamwana kawo kadazi kaja. Moni kwa azakhali Juxiang ndi asuweni anga onse. Moni kwa a Ouyang, koma za bakha zija musawauze. Qiaoyun, wawerenga bwino, tsopano pukuta mphuno ukawathandize mayi kumanga kathumba.

Ndine mwana wanu wopweteketsa mutu,
Shuigen