Mphini za pa Bondo la Achimwene

Lachiwiri, 11 Malichi

Kodi tizipsera tating'ono ngati mpunga tingamulande munthu penshoni? Ndikufunsa iwe buku chifukwa m'nyumba muno palibe akufuna kuyankha.

Ndiyambe ndi zabwino. Achimwene a Lamson abwera kunyumba. Amoyo, onenepa kumene, ndodo ziwiri m'khwapa. Mtsempha wa bondo lakumanzere unaduka ali pa maphunziro a usilikali, analumpha dzenje atabereka chikwama cholemera. Opaleshoni yoyamba inayenda bwino. Atenga chipinda changa chifukwa chili pafupi ndi bafa. Ine pa sofa. Sindikudandaula. Pang'ono chabe.

Zoipa tsopano. Atawameta ubweya wa pa bondo kuti awapange opaleshoni, panaoneka tizipsera, mizere iwiri yowongoka. Dokotala wa kuusilikali akuti ndi umboni kuti bondolo linkavuta kale ndipo wina analichitapo opaleshoni. Akuti achimwene anabisa polowa usilikali. Ndiye akufuna kuwatulutsa ngati munthu amene anabwera ndi vuto lake. Penshoni ayi. Opaleshoni yachiwiri adzionere okha.

Achimwene akulumbira kuti bondolo silinawawepo chibadwire. Lakumanja silingawathandize, pali chipsera chachikulu cha njinga chinaphimba zonse.

Amayi atamva anadzuka kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachinayi, 13 Malichi

Kutentha. Ku Maddington kuno ngakhale mphepo ikuchita ulesi.

Ndilembe chinthu chimene sindinauzepo munthu. Tizipsera timeneti nanenso ndili nato. Mawondo onse awiri. Mizere iwiriiwiri.

N'chifukwa chake ndimavala leginzi yophimba mawondo tsiku lililonse, ngakhale pa spotsi dzuwa likuswa mtengo. Titangofika kuno kuchokera ku Malawi, mtsikana wina m'kalasi anationa n'kukauza aphunzitsi kuti ndimadzicheka. Anandiitanira mu ofesi, mayi wina wa mawu ofewa akundifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Chizungu changa nthawi imeneyo chinali yes ndi no. Ndinangolira, ndiye iwo anaganiza kuti apeza zoona. Nditafunsa amayi anati ndi katsabola. Katsabola wodziwa kulemba mizere?

Achimwene sadziwa, kapena anaiwala. Kusiyana kwathu zaka sikisi, analibe nthawi yoyang'ana mawondo a kamwana.

Adadi anaimba kuchokera ku mgodi, abwera shifiti ikatha. Amayi anakayankhira ku galaja koma foni yawo imakhala pa sipika nthawi zonse. Ndinamva adadi akuti, "Mayi a Lamson, mwanayu atayike chifukwa cha manyazi anu ndi anga?"

Lamulungu, 16 Malichi

Anena.

Tinali pochokera ku tchalitchi ku Mirrabooka. Amayi anaimitsa galimoto panja pa shopu ija timagula usipa wouma, anazimitsa injini, osatsika. Achimwene kumbuyo, mwendo atautambasula pa mpando.

Ndi mphini. Anatitemera tili makanda, kwa sing'anga wina ku Kawale, ndi lezala ndi mankhwala akuda, kuti miyendo ilimbe tiyende msanga. Palibe wa ife ankadwala.

Ndipo panali wina tisanabadwe. Mtsikana. Rejoice. Anamwalira asanayambe kuyenda, anangofika poima n'kugwira mpando. Sindimadziwa. Zaka sikisitini, sindimadziwa kuti ndinali ndi mkulu wanga.

Amayi anati, "Ndinali ndi mantha. Akanandiuza kuti ndidye dothi kuti muyende, ndikanadya."

Amayi omwewa amene amatsogolera mapemphero a azimayi, amene chaka chatha anaima kutsogolo n'kunena kuti za asing'anga ndi za mdima. Ankayang'ana chiwongolero ngati akuyembekeza kuti tiwakalipire.

Kenako achimwene kumbuyo kuja: "Ndiye mankhwala anuwo agwira zaka twente-thu basi, mami? Analibe waranti?"

Amayi anaseka misozi ili chuchuchu. Nanenso. Usipa tinaiwala kugula.

Mtima wapepuka, sindikudziwa chifukwa chake. Vuto likadalipo. Koma si katsabola, ndipo si ine ndinali wopenga.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndinajomba masamu. Amayi anati ndipite nawo chifukwa Chizungu cha m'maofesi chimawathawa akakhala ndi mantha, ndipo achimwene akakwiya amalankhula zambiri.

Kwa mzungu wina wachikulire amene amathandiza asilikali akale pa milandu yotere, ulere. Nayenso anali msilikali, khutu limodzi silimva. Kaofesi konunkha khofi. Amayi anafotokoza zonse, ine ndikumasulira pamene akakamira. Mawu oti mphini m'Chizungu mulibe, ndinachita kujambula pa pepala.

Anamvetsera bwinobwino. Kenako anati iye akukhulupirira, koma a bodi yoweruza nkhani za penshoni adzati mayi aliyense anganene chilichonse kuti apulumutse mwana wake. Anafunsa ngati pali mapepala ochokera ku Malawi. Amayi anachita kuseka. Sing'anga wa ku Kawale, risiti?

Achimwene anagwetsa mutu. Ndinaona khosi lawo, pamene tsitsi layamba kumera chifukwa asiya kumeta mwa chisilikali.

Sindinaganize. Ndikanaganiza sindikanachita. Ndinapinda thalauzi la sukulu, miyendo yonse, mpaka pamwamba pa mawondo. Ndinanena m'Chizungu kuti ine sindinavulalepo bondo, ndipo ndimathamanga kuposa achimwene.

Bamboyo anavala magalasi. Anayamba wandifunsa ngati angayang'ane pafupi. Anayang'ana anga, anayang'ana a achimwene, n'kubwereranso kwa anga. Anatukwana pang'ono mosangalala, kenako anapepesa kwa amayi.

Achimwene anangoti, "Iwe Dyna, nthawi yonseyi?" Za kuthamanga zija akuti tikambirana akachira.

Lachiwiri, 8 Epulo

Ku Crawley, kwa dokotala wa mafupa amene si wa usilikali. Sitima kenako basi, amayi amaopa kuyendetsa m'tauni. Basi yodzaza ana a yunivesite, mmodzi anawapatsa achimwene mpando ndipo iwo anakwiya nazo njira yonse.

Dokotala wamkazi, wamfupi ngati ine. Sikani ya mawondo anga: oyera, alibe kanthu. Zipsera zili pa khungu pokha. Za achimwene chimodzimodzi, kukula kwake, kutalikirana kwake, ngati dzanja limodzi. Amayi anati linalidi dzanja limodzi. Ndipo m'kati mwa bondo lawo mulibe chizindikiro cha kuvulala kwakale, zonse ndi zatsopano.

Anajambula mawondo anga ataikapo rula. Anandifunsa kawiri ngati ndavomera. Nkhope ayi. Ndiye kwinakwake azibambo a nyenyezi pa mapewa akhala pa tebulo kuyang'ana mawondo a Dyna. Ndikaganiza ndimafuna kulowa pansi. Koma ndikuseka.

China. Amayi anafunika kusaina umboni wawo pamaso pa munthu wololedwa ndi boma. Akanatha kupita ku laibulale kumene palibe akuwadziwa. Anasankha a Dunstan, mkulu wa mpingo wathu. Anati atopa kubisa. Anapita atavala ngati akupita ku maliro. A Dunstan akuti anawerenga mpaka pansi, anadinda, n'kunena kuti, "Mayi, zanga zili pamsana, mizere folo. Tiyike tiyi?"

Amayi anabwera akuimba m'galimoto.

Loweruka, 17 Meyi

Palibe yankho lochokera ku bodi. Mvula yayamba. Achimwene sakumeta ndevu, akudya ali chigonere. Dzulo anandikalipira chifukwa cha rimoti. Sindinalire pamaso pawo.

Msana wanga ndi sofa sitikugwirizana.

Ndinafunsa amayi ngati Rejoice ankafanana ndi ine. Anati makutu.

Lachisanu, 20 Juni

Apambana!

Ndinali pa basi pochokera kusukulu, meseji ya achimwene: zithunzi ziwiri za bondo ndi kamtima. Basi. Ndinatsika siteji yolakwika n'kuthamanga mumvula.

A bodi avomera kuti anavulalira pa ntchito ndipo sanabise kanthu. Opaleshoni yachiwiri alipira iwo. Fizio yonse yolimbitsa bondo. Penshoni ya olumala pa ntchito ilipo. Mawu aja oti anabisa awachotsa, ndipo achimwene akuti amenewo ndi amene amawasowetsa tulo kuposa ndalama.

Adadi ali kunyumba sabata ino. Anawotcha nyama panja mvula ili mkati, atafunda jekete ya ku mgodi. Anandipatsa chidutswa choyamba, asanapatse achimwene. Ndi mmene alili.

Amayi anapemphera pemphero lalitali mpaka nyama inazizira. Anatchula ana awo atatu, mayina onse.

Lolemba, 7 Julayi

Holide. Ndimaganiza kuti kupambana ndiye kuti zatha.

Koma achimwene akutulukabe usilikali. Bondolo silidzanyamulanso chikwama chija, zimenezo palibe anatsutsa chiyambire. Ine ndinali nditangoiwala. Iwo ayi.

M'mawa ndinawapeza akusita yunifolomu imene akukabweza lero. Kusita chinthu chokabweza. Nsapato apolisha mpaka ndimadzionamo. Ameta ndevu, ameta tsitsi. Ndinati zikuwala, anati zizipita mmene zinabwerera. Maso ofiira, akuti ndi nthunzi ya ayironi. Ndinavomera kuti ayironi yathu ndi yoipadi.

Akuti mwina ayesa za magetsi akachira. Mwina. Sindinafunse zambiri.

Ndilekeze apa, adadi aliza kale hutala kawiri. Chikwama cha katundu wobwezayo n'cholemera ndipo achimwene sangachinyamule ndi ndodo. Adadi anadzipereka, iwo anakana, akuti chinyamule ine mpaka pa geti la kampu ya asilikali.