Balere wa M'chipinda cha Ababa

Lachinayi, 17 mwezi wa Asoj

Ndani anaika lamulo loti munthu wosatsitsimuka azigona mumdima? Mudzi wonse umangovomera. Zenera lotseka, kuyankhula monong'ona. Ine zaka zinayi ku Kathmandu, digiri ya mafizo m'chikwama, sindinaliwerengepo m'buku lililonse.

Miyezi khumi ndi inayi chigwereni Ababa mumtengo, akusadzira njati yathu yoweta masamba. Maso amatsegula masana, usiku amatseka. Mawu ayi. Kudya n'kwa pakapaipi ka m'mphuno.

Lero chiyambi cha Dashain, chikondwerero chathu chachikulu. Amayi afesa balere m'mbale yadothi n'kuiika m'chipinda cha Ababa, poti ndimo muli mdima wokwanira. Balere wa chikondwerero amafunika amere wachikasu. Ababanso khungu layamba kutero.

Kale Ababa ankafesa okha, akuimba nyimbo yopanda mutu.

Loweruka, 19 Asoj

Kuwatembenuza maola awiri alionse. Phala la mphodza losefa, kasanu patsiku. Chidendene chakumanzere chafiira, ndaika mtsamiro kuti chisakhudze mphasa. Zala zafumbata. Ndimaziwongola chimodzichimodzi ndi mafuta a mpiru.

Zala zomwezi zinkamata makaiti nyengo ngati ino. Ine paphewa pawo, ulusi m'manja. "Usakoke mwaukali, Urmila, mphepo siikakamizidwa." Mpaka lero ndimakokabe mwaukali.

Ndati tiziwakhazika pampando pakhonde, chifuwa chimapepuka. Amayi: "Digiri yakoyo ili ndi miyezi itatu. Ine munthuyu ndakhala naye zaka makumi atatu."

Basi yanga pa 27, ntchito yakuchipatala pa 28. Ndikachoka, zenera ili silidzatsegulidwanso.

Lolemba, 21 Asoj

Bambo aang'ono a Khemraj abwera kudzaona mbuzi ya chikondwerero. Akuti tika apakanso ndi iwo, ngati chaka chatha. "Achimwene alipo koma kulibe, mwana wanga. Wamkulu ndatsala ine."

Tika ndi mpunga wofiira uja wa pachipumi, mdalitso wa mkulu wa banja, woperekedwa pamodzi ndi balere. Chibadwire changa ndimaulandira kuchokera ku chala cha Ababa, nthawi zonse mopotoka, ukuyoyokera pamphuno. Ankaseka okha: "Wochuluka sugwa wonse."

Chaka chatha ndinanamizira mayeso, osabwera. Sindinauzepo munthu.

Lachiwiri, 22 Asoj

Amayi ali kokama njati, ndatsegula zenera. Pang'ono pokha. Kaiti yofiira ya kutsidya kwa khwawa inadutsa, maso a Ababa n'kuyenda nayo. Kumanzere mpaka kumanja.

Kapena ndine ndimafuna zitero.

Kusukulu anati kamodzi si umboni, bwereza ndi galasi. Ndatenga kagalasi kawo kometera ndevu. Kasanu, atsatira kawiri. Ndalemba nthawi yake, ndikasonyeze adokotala.

Sikuti adzuka. Ndikudziwa. Koma munthu wotsata kaiti samusunga mumdima.

Lachinayi, 24 Asoj

Ndagwidwa. Balere wandiulula, mbali ya kuzenera yonse yabiriwira. Amayi anangoyang'ana mbale, n'kundiyang'ana ine. "Waphunziradi. Ngakhale balere wamuphunzitsa mwano."

Tsiku lonse osandiyankhula.

Madzulo, tikuwasambitsa Ababa, Amayi anayamba okha. Si mphepo ayi. Chifuwa cha chaka chatha chinawaopsa, inde, koma si chimenecho. "Bambo ako sankatuluka chipewa chili chopendama. Ndiye lero anthu awaone dovu lili chuchuchu? Azinong'onezana pa msewu?"

Ine ndimati ndi umbuli. Miyezi khumi ndi inayi akuwatchinjirizira ulemu, okhaokha, ine ndili m'tauni kuloweza mayina a minofu.

Ndinapukuta msana wa Ababa.

Lachisanu, 25 Asoj

Pachingwe pali chipewa cha Ababa, chochapa. Sindinachape ndine.



Loweruka, 26 Asoj

Tsiku la tika. Abale dzadzadza pabwalo, a Khemraj pamphasa yaulemu, mbale ya mpunga ndi chambiko pamiyendo. Ine chikwama chomanga kale.

Amayi anandikodola. "Iwe dokotala, gwira kumapewa. Ukawagwetsa ndikumenya ndi digiri yako yomweyo."

Tinawatulutsa Ababa, n'kuwakhazika pampando wa nsungwi, mitsamiro uku ndi uku, mutu wowongoka. Chipewa anawaveka Amayi, n'kuchikonza kawiri. Kansalu kopukutira pakamwa anakabisa m'manja mwawo, n'kuima pambali ngati mlonda.

Dzuwa pankhope ya Ababa, maso akuphethira. Kaya anatiwona, kaya ayi. Kumwamba makaiti atatu.

A Khemraj anati, "Nanga apaka bwanji, mlamu?"

Ndinapita, n'kutenga mbale ija pamiyendo pa a Khemraj ndi manja awiri. Ndinathothola balere wobiriwira uja, n'kumupanika m'zala za Ababa. Kenako ndinagwada, ndinaviika chala chawo mumpunga, n'kuchikweza pang'onopang'ono, osakoka, mpaka pachipumi panga.